Amisiri Obisika a Timakina Tating'ono

Mwa amisiri onse amene timadya thukuta lawo, palibe oiwalika koposa iwo amene amaumba compiler, pulogalamu yotenga malangizo olembedwa m'chinenero cha C n'kuwasandutsa manambala omveka kwa kachipangizo kochepa ngati chikhadabo, kamene kamabisala m'mita ya magetsi, m'galimoto ndi m'zidole za ana.

Taonani kachipangizo kotere, ATmega328P ya pa bolodi ya Arduino Uno: mosungira pulogalamu (flash) muli malo a 32 KB, mogwirira ntchito (RAM) 2 KB yokha, ndipo regista iliyonse mwa 32 imanyamula mabiti 8 basi. Popeza nambala ya mabiti 16 sikwana m'regista imodzi, amisiri anaphunzitsa compiler yotchedwa avr-gcc kuphatikiza kawiri, poyamba ndi lamulo la ADD, pambuyo pake ndi la ADC, kuti chosefukira cha pansi chisatayike. Ndipo pakuti kachipangizoko sikadziwa kugawa nambala, anakalembera njira yogawira biti ndi biti. Magetsi akangolowa, pulogalamu yeniyeni (main) isanayambe, mizere yawo ndiyo imasamutsa data kuchokera m'flash kunka m'RAM, n'kusesa malo ena kuti akhale ziro.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi mtima wotero mmisiri amachezera usiku, fungo la solder lili m'mphuno, kanyali kofiira kakuphethira pa bolodi, iye akuwerenga assembly mzere ndi mzere kuti apulumutse mabayiti awiri.

Pakadapanda iwo, kachipangizo kalikonse katsopano kakadafuna kulemberedwa ndi manja kuyambira pachiyambi, ndipo mwana wa sukulu sakadayatsa kanyali ndi mizere khumi. Indetu, antchito otere ayenera ulemu wathu.