Wotsuka Zithunzi pa Ntcheu Boma ndi Kompyuta Yake Yokalamba

Mwezi wa Seputembala, Angoni a kwa Maseko akangobalalika kuchokera ku Nkolimbo kumene amachitira Umhlangano, ntchito imachuluka m'tinyumba totsukira zithunzi pa Ntcheu Boma. Wina wabwera ndi foni, wina ndi kamemori khadi kokulunga m'kapepala n'kumanga pansonga ya chitenje. Uyu akufuna chithunzi cha bambo ake atanyamula chishango, nthenga zili kumutu. Uyo akufuna cha gulu lonse la ngoma la m'mudzi mwawo. M'kanyumba kena kufupi ndi msewu wa M1 muli mnyamata amene ndimakonda kumuonerera akugwira ntchito, chifukwa ali ndi luso limene anthu ambiri salizindikira. Amadziwa kuonetsa zithunzi za mafoni a lero pa kompyuta imene inapangidwa mafoniwo kulibe.

Kompyutayo ndi ija yokhala pa tebulo, yogula kwa ena atatopa nayo ku ofesi. Ili ndi Windows 7, imene inatuluka mu 2009 ndipo eni ake a Microsoft analeka kuisamalira mu Januwale 2020. RAM yake ndi 2 GB basi. Tsono chithunzi cha foni wamba ya mamegapikiseli 12 chimakhala ndi timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Chikakhala m'khadi chimalemera mwina 3 kapena 4 MB chifukwa JPEG imachipanikiza, koma kompyuta ikati ichionetse imachitambasula chonse, kadontho kalikonse n'kutenga mabaiti atatu, chithunzi chimodzi n'kufika 36 MB. M'khadi ya mayi wa ku Kampepuza mungakhale zithunzi mazanamazana. Wosadziwa amangoilowetsa n'kutsegula foda kuti aone tizithunzi tonse nthawi imodzi, kompyuta n'kuuma gwa, iye n'kuzula khadiyo mokwiya. Zithunzi zambiri zimafera pamenepo.

Mnyamatayu sayamba ndi kuona. Amaika kakhadi m'chotengera chake chachikulu chija, n'kutsitsa kaloko ka m'mbali kuti kompyuta isalembemo kanthu. Foda amaitsegula mwa mndandanda wa mayina okha, popanda tizithunzi. Kenako amakopera foda yonse ya zithunzi, yotchedwa DCIM, pa hadi disiki, amadikira mpaka ithe, amatulutsa khadi mwa dongosolo lake n'kuibweza m'manja mwa mwini wake.

"Mayi, sungani bwino kanthu kanuka. Kuyambira pano tigwira ntchito ndi zimene ndakoperazi."

Zimatenga mphindi zingapo, ndipo pamzere pamamveka kung'ung'udza, koma sindinamuonepo akudumpha sitepe imeneyi, ngakhale tsiku limene magetsi abwera mochedwa anthu atadzaza pakhonde. Amadziwa kuti kwa ambiri mwa anthuwa khadiyo ndiyo malo okhawo amene zithunzizo zili.

Pamene luso lake limaonekera kwambiri ndi pa tizithunzi ting'onoting'ono tija timene timandandalika m'foda tisanatsegule chithunzi chenicheni. Kompyuta sitipanga mwatsopano nthawi zonse; imatipanga kamodzi n'kutisunga pambali kuti mawa isavutikenso. Pa Windows XP timasungidwa m'kafayilo kobisika kotchedwa Thumbs.db, foda iliyonse kakekake. Kuyambira pa Windows Vista mpaka kuno, tonse timaunjikidwa malo amodzi m'mafayilo a thumbcache. Magetsi akathima kompyuta ili mkati molemba m'nkhokwe imeneyi, zinthu zimasokonekera: pena pamangooneka mabokosi akuda, pena fayilo ya ukwati imaonetsa kachithunzi ka mbuzi za munthu wina amene anabwera dzana. Ndinaonapo bambo wina wachikulire ataimirira, mtima uli m'mwamba, akuti zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo zafufutika.

"Bambo, khalani pansi kaye. Zithunzi zanu zilipo. Chasokonekera ndi chikumbumtima cha kompyutayi."

Anatsegula Disk Cleanup, anachotsa tizizindikiro pa zina zonse n'kusiya pa Thumbnails pokha, anadina. Atabwerera m'foda muja, tizithunzi tinayamba kutuluka kamodzikamodzi, kuchokera kumanzere, mkwatibwi ali pamalo pake. Tsiku lina tizithunzi tikakana kuoneka n'komwe, amayamba wayang'ana mu Folder Options, poti alipo malo amene munthu angauze Windows kuti isamationetse, ndipo ena amadinapo pofuna kuti kompyuta ipepuke kenako n'kuiwala. Ambiri odzitcha akatswiri akaona zotere amathamangira kufomata kompyuta yonse. Iyeyu amafunsa kaye kuti chadwala n'chiti, chithunzi kapena chongoimira chithunzicho.

Vuto loopsa ndi la mbali inayo, pamene kachithunzi kakuoneka bwinobwino koma chithunzi chenicheni chafa. Kamera ndi mafoni ambiri akamajambula amalowetsa kachithunzi kakang'ono, kawirikawiri ka timadontho 160 kwa 120, kumayambiriro kwa fayilo, pamodzi ndi tsiku ndi mtundu wa kamera. Chigawo chimenechi chimatchedwa Exif. Mapulogalamu ambiri, pofuna kufulumira, amangotenga kameneka n'kukaonetsa. Koma JPEG wamba imawerengedwa kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndiye ngati kumapeto kwa fayilo kunaduka, mumaona mitu ya anthu, kuyambira m'khosi kutsika kuli mtundu wa phulusa wokhawokha. Wogula mbatatesi za ku Tsangano wodziwa zinthu sakhutira ndi zapamwamba pa ndowa, amati akhuthule aone zapansi. Mnyamatayu salandira ndalama ya munthu asanatsegule chithunzi chilichonse chosankhidwa kuti chidzaze sikirini yonse. Akapeza zambiri zoduka m'khadi imodzi, amaikayikira khadiyo. Alipo makhadi achinyengo olembedwa 32 GB pamene mkati mwake malo ndi ochepa. Amalandira mayina a mafayilo bwinobwino, koma malo enieni akadzaza, zotsatirazo zimangotayika. Ali ndi kapulogalamu ka ku Germany kotchedwa H2testw kamene kamadzaza khadi yonse n'kuiwerenganso kuti kaone ngati zimene kanalemba zilimodi. Amakagwiritsa ntchito pokhapokha zithunzi atazisamutsa kale.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Bilira ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu amuna awo, akufuna chachikulu choika m'felemu pa mwambo wa chiliza. Kachithunzi kankaoneka bwino, bamboyo atavala jekete, akumwetulira. Atachitsegula chonse, panangotuluka kamzere ka denga la nyumba, kwinako phulusa. Mnyamatayu sanalankhule msanga. Anayesa pa pulogalamu ina, chimodzimodzi. Anayang'ana kulemera kwa fayilo n'kuona kuti ndi kochepa kwambiri poyerekeza ndi anzake a m'foda yomweyo. Kenako anatembenuza mpando wake kuti ayang'anane ndi mayiwo.

"Amayi, ndisakunamizeni. Chachikulucho chinaonongeka. Katsala ndi aka kakang'onoka. Ndingakatulutse, koma ndikakakulitsa nkhope ya bambo isanduka mabokosimabokosi, simuwazindikira. Kodi palibe mwana kapena mlamu amene munamutumizirapo pa WhatsApp?"

Ankanena zoona zokhazokha. Chithunzi wamba cha mainchesi 4 kwa 6 chimafuna timadontho pafupifupi 1200 kwa 1800 kuti chituluke chakuthwa, pamene kotsalako kanali ka 160 kwa 120. Anakatulutsa m'fayilo yowonongekayo, anakatsuka kakang'ono kosaposa ka pa chiphaso, ndipo sanalipiritse. Funso la WhatsApp lija ndilo linandigwira mtima, chifukwa limasonyeza munthu wodziwa mmene zithunzi zimayendera pakati pa abale. WhatsApp imachepetsa chithunzi ndi kuchotsamo Exif, komabe chotsalacho chimakwanira kutsuka. Mayiwo anaimbira mwana wawo wa ku Joni ali pomwepo, ndipo chisanafike chakudya chamasana chithunzicho chinali chitalowa m'foni ya mnyamatayu.

Chida chake chachikulu ndi IrfanView. Anailemba ndi Irfan Škiljan, wobadwira ku Jajce m'dziko la Bosnia, amene anapita kukaphunzira ku Vienna, ndipo inatuluka koyamba mu 1996, nthawi imene makompyuta anali ofooka kuposa uyu wa pa Ntcheu. N'chifukwa chake ndi yopepuka, ma MB ochepa chabe. Mwini wake amaipereka ulere kwa oigwiritsa ntchito kunyumba ndi kusukulu, a bizinesi amawapempha kuti alipire, ndipo ine ndimaona kuti munthu amene wathandiza anthu ochuluka chonchi kwa zaka zonsezi ndi woyenera kulandira kangachepeko. Kale ambiri ankadalira Picasa, koma a Google anaisiya mu 2016. IrfanView ikadalipo. Mukamuona mnyamatayu akuigwiritsa ntchito, mausi saigwira kwenikweni. Chala chimodzi chili pa T kuti tizithunzi titambasuke, china pa Enter kuti chithunzi chidzaze sikirini, chala chachikulu pa batani lalitali lija kupita ku chotsatira. Akafuna kuchepetsa zithunzi zambiri nthawi imodzi kuti pirinta isatsamwe, amadina B, n'kuuza pulogalamuyo kuti zochepetsedwazo izikaziika m'foda ina, zoyambirira zisakhudzidwe.

Pulogalamu yoonera zithunzi ya Windows 7 nthawi zina imakana chithunzi cha foni n'kulemba kuti mwina memori yachepa. Wokhulupirira zolembedwa amapita kukagula RAM. Iye amadziwa kuti kawirikawiri chimene chatsamwitsa pulogalamuyo ndi kachidutswa kofotokoza mitundu kamene mafoni ena amaika m'fayilo. Amangochitsegula pa IrfanView, chimaoneka. Chimodzimodzi zithunzi zogona chammbali. Foni sitembenuza chithunzi, imangolemba mu Exif kuti pojambula inagwiridwa choimirira, ndipo pulogalamu yakale ija siwerenga zolembedwa zimenezi. Apa ambiri amatembenuza n'kusunganso, osadziwa kuti JPEG ikapanikizidwa kachiwiri imataya kena kake, kachitatu kenanso. Iye amagwiritsa ntchito njira ya IrfanView yotembenuza JPEG popanda kuipanikizanso. Kusiyana kwake wogula sangakuone pa tsikulo, ndipo palibe amene angamudzudzule atapanda kutero. Amachitabe.

Zina amazithana nazo mosachedwa. Mafayilo a HEIC, amene iPhone inayamba kujambula mu 2017 ndipo amabwera ndi abale a kunja, amawasandutsa JPEG pa foni yake asanawalowetse m'kompyuta. Fulashi ikabwera ndi vairasi ija yobisa mafoda n'kusiya njira zachidule zabodza, sadina chilichonse mmenemo. Amalemba lamulo la attrib pa kawindo kakuda, mafoda n'kutulukira onse. Kompyutayo payokha saiika pa intaneti ngakhale pang'ono, poti Windows yake ilibenso woitchinjiriza. Mwezi wa Okutobala fumbi likachuluka amaitsegula n'kuipemerera, ndipo tsiku likayamba kubwerera m'mbuyo lokha amasintha kabatire kozungulira ka CR2032 ka mkati, chifukwa tsiku lolakwika limamusokonezera dongosolo la mafoda.

Mafodawo amawatchula ndi chaka, mwezi, tsiku, mudzi, kenako mfunda wa mwini wake, poti pa Ntcheu a Ngozo ndi a Jere ndi ambiri ndipo mfunda pawokha sungasiyanitse anthu. Masiku ano akuphunzitsa mtsikana wina amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Ntchito yoyamba imene anamupatsa inali ya zithunzi zisanu za gulu limodzi la ngoma, zojambulidwa motsatizana, zimene pa tizithunzi zinkaoneka zofanana ndendende. Mtsikanayo analoza chachiwiri. Iye anamuuza kuti atsegule chilichonse pa kukula kwake kwenikweni, ayende nacho nkhope ndi nkhope. M'chachiwiricho agogo a kumapeto kwa mzere anali ataphethira. Anatsuka chachinayi, ndipo mtsikanayo anapatsidwa khadi ya munthu wotsatira kuti aikopere yekha.