Silent Hunter III: Gemu Yoseweredwa ndi Makutu

Magemu ambiri ankhondo amakondweretsa maso. Silent Hunter III, yomwe kampani ya Ubisoft inatulutsa mu 2005, imakoma kwambiri pamene wosewera sakuona kalikonse. Iye ndi kaputeni wa sitima ya Germany yoyenda pansi pa madzi pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Akangophulitsa chombo chamalonda cha Britain, zombo zoperekeza zimamutembenukira, mlenje n'kusanduka nyama.

Liwiro silingamupulumutse. Sitima ya Type VII ikamira imayendera mabatire ndipo sipitirira makilomita 14 pa ola, pamene chombo choperekeza cha corvette ya mtundu wa Flower chimafika pafupifupi 30. Chotsala n'kubisala: kutsikira pansi kwambiri, kuchepetsa injini, kuimitsa ntchito zonse zaphokoso, n'kutchera khutu ku hydrophone, chida chomvera phokoso pansi pa madzi.

Luso la opanga gemuyi lagona poti njira iliyonse ili ndi msampha wake. Ukathamanga, adani akumva. Ukakwawa, mabomba akupeza pomwepo. Ukatsika mopyola, zitsulo za sitima zimayamba kulira. Ukakhalitsa pansi, batire ndi mpweya zimatha. Mpata ulipo umodzi. ASDIC, chida chomwe Britain inkasakira sitima potumiza phokoso m'madzi, inkasokonezeka chombo chikafika pamwamba penipeni pa mdani. Choncho wosewera wodziwa amapirira mpaka phokoso la chombo litamufika pamutu. Pamenepo amalamula liwiro lonse n'kukhota, kenako amabwereranso pa zii.

Opangawo anagwiritsanso bwino kayendedwe ka zaka. Mu 1940 operekeza ndi ochepa ndipo sachedwa kupusitsika. Pofika 1943 ali ndi radar, ndege, komanso Hedgehog, mabomba oponyera kutsogolo ASDIC isanataye mdani. Nzeru yomwe inkapulumutsa kale imayamba kukanika. N'zomwe zinachitikadi: mu Meyi 1943 mokha Germany inataya sitima zoposa 40, ndipo mkulu wa asilikali apamadzi a dzikolo, Karl Dönitz, anachotsa zotsala kumpoto kwa nyanja ya Atlantic. Gemu silongosola mbiriyi ndi mawu. Wosewera amangoona kuti ulendo uliwonse ukumuthina kuposa wapitawo.

Zofooka zilipo. Nthawi zina operekeza amagwa ulesi msanga n'kumuleka mdani, ndipo ichi n'chimodzi mwa zomwe okonda gemuyi anakonza m'zowonjezera zawo monga GWX. Cholakwika chachikulu ndi kamera yakunja, yomwe imaonetsa poyera pamene pali chombo ndi pamene mabomba akugwera. Munthu akaona zonsezi mantha amatheratu, ndipo kumvetsera, komwe ndiye mtima wa gemuyi, sikukhalanso ndi ntchito.

Ubwino wake kamerayi imatheka kuzimitsa. Amene mukufuna kuyesa luso lenileni la Silent Hunter III, izimitseni, muvale mahedifoni, ndipo muyambe ulendo wanu mu 1943.