Phulusa m'dzanja, buku m'thumba

Mwana wokulira kwa Tembwe, m'boma la Chama, amalowa maphunziro a zokopa alendo ali kale ndi nzeru zimene mnzake wa ku Lusaka adzazivutikira. Wagona kumunda kulondera mpunga. Ndowe ya njovu akangoiphwanya ndi phazi amadziwa ngati ndi yausiku kapena yadzana. Koma mukampatsa pepala la mayeso m'Chingerezi, thukuta lili kamukamu.

Chimandisangalatsa ndi mmene mphunzitsi waluso amawagwirira awiriwa. M'chigwa cha Luangwa, kumene Norman Carr ndi mfumu Nsefu anatsegula msasa wa alendo mu 1950, woperekeza alendo wapansi amayesedwa papepala komanso kuthengo. Choncho mphunzitsi sayambira pabolodi. Amawatengera pamchenga, n'kuima pa phazi la mvuu la zala zinayi, iye duu. Amasiya wa kwa Tembwe alankhule, ngakhale m'Chisenga: yadutsa liti, imapita kuti. Kenako amatapa phulusa, n'kuliwaza pang'ono kuti wa mtauni aone ndi maso ake kumene mphepo ikutengera fungo la munthu. Akafika pansi pa mvunguti zinthu zimatembenuka. Wamabuku uja ndiye amatchula Kigelia africana, n'kufotokoza kuti maluwa ake amatseguka usiku ndipo mileme ndiyo imanyamula mungu. Mnzake amabwereza mawuwo mpaka lilime litazolowera, poti mawa adzawanena kwa mlendo wa ku London.

M'mayunivesite mudatchuka njira ya Neil Fleming ya mu 1987, yogawa ophunzira kuti uyu amamva ndi maso, uyo ndi makutu, wina ndi kuwerenga, wina ndi manja. Mu 2008 Harold Pashler ndi anzake atafufuza sanapeze umboni wokwanira woti kuphunzitsa munthu mwa njira yake yokhayo kumathandiza. Ine ndimaona kuti mphunzitsi wa kuthengoyu ali patsogolo: amayambira pamene mwana ali wolimba, koma samusiya pomwepo.

Madzulo, wa kwa Tembwe amalemba lipoti la ulendo wonse, ndipo mphunzitsi amakonza naye chiganizo ndi chiganizo. M'mawa mwake wa ku Lusaka ndiye amatsogolera mzere, ndipo saloledwa kutsegula buku mpaka atanena yekha kumene njovu zalowera.