Kodi Kalulu ndi wanzeru kapena ndi wochenjera?

Ana ambiri a m'boma la Milange amayamba sukulu akumudziwa kale Kalulu. Amakhala atamumva kwa agogo awo madzulo akatha kudya, kwa akulu awo, kapenanso kwa anzawo kobusa mbuzi. N'chifukwa chake mphunzitsi wa kalasi ya zilankhulo ziwiri akafuna kuti ana amasuke pakamwa, amathamangira nthano ya Kalulu. Akangoti "Padangokhala," kalasi yonse imavomera kuti "Tili tonse," ngakhale mwana amene wakhala duu sabata yonse.

Vuto limabwera kumapeto kwa phunziro. Mphunzitsi amafunsa phunziro la nthanoyo, ana n'kuyankha onse pamodzi kuti nzeru zimaposa mphamvu. Yankholo limalembedwa pa bolodi, ana amakopera m'makope, basi zathera pomwepo. Komatu nthano za Kalulu zimanena zambiri kuposa pamenepa, ndipo mbali imene imasiyidwayo ndi imene ikukhudza kwambiri mwana wophunzira m'zilankhulo ziwiri.

Chimene Kalulu amafuna

Nthano yokokana chingwe ndi poyambira pabwino. Kalulu adapita kwa Njovu n'kumuuza kuti akhoza kumukoka mpaka kumugwetsera m'madzi. Njovu adaseka chikhakhali. Kalulu adatsikira kumtsinje n'kukauza Mvuu kuti akhoza kumutulutsira kumtunda. Naye Mvuu adaseka. Tsiku litakwana, Kalulu adapatsa Njovu nsonga imodzi ya chingwe, Mvuu nsonga inayo, iye n'kubisala pa chitsamba pakati. Zimphona ziwirizo zidakokana mpaka kulefuka, chilichonse chikuganiza kuti chikulimbana ndi kanyama kaja.

Ana amaseka, ndipo ayenera kuseka. Koma funso limene silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti, kodi Kalulu adapindulapo chiyani? Sadapeze chakudya, munda kapena mkazi. Panalibenso amene ankafuna kumupha. Iye yekha ndi amene adayambitsa mpikisanowo, ndipo chimene adatolapo n'chakuti Njovu ndi Mvuu adaleka kumuseka. Luso lake lonse lidathera pa chinthu chimodzi: kuti akuluakulu asamuonenso kuchepa.

Nthano ya Kalulu ndi Fisi ikuonetsa zomwezi poyera. Awiriwa ankafunsira mbeta m'mudzi umodzi. Kalulu, poona kuti mnzakeyo ndi wamkulu thupi, adauza anthu a m'mudzimo kuti Fisi ndi bulu wake womukwera. Fisi atamva adapsa mtima n'kukamutenga kuti akatsutse mawuwo pamaso pa anthu. Kalulu adanamizira kudwala, Fisi n'kumubereka. Panjira adapempha kachingwe kogwirira kuti angagwe, kenaka kamtengo koingitsira ntchentche. Polowa m'mudzi adakhala tsonga, chingwe kumanja, mkwapulo kumanzere. Apa Kalulu sakukhutira ndi kupambana chabe. Akufuna kuti mnzakeyo achite manyazi anthu akuona.

Dokotala wina wa ku Vienna, Alfred Adler (1870–1937), adalemba kuti mwana aliyense amakula akudziona wochepa pakati pa akuluakulu, ndipo kudziona kuchepako n'kumene kumamukankha kuti aphunzire ndi kuyesetsa. Adler adati zimenezi zimaipa pamene munthu aleka kulimbana ndi ntchito n'kuyamba kulimbana ndi anthu, kufuna kukhala pamwamba pawo m'malo mothandizana nawo. Agogo amene amasimba nthano za Kalulu sadawerenge Adler, koma munthu wa mtundu umenewu ankamudziwa bwino, ndipo adamupatsa makutu aatali ndi mchira waufupi.

Chifukwa chimene anthu amamukondera

Kalulu si wa Achewa ndi Amang'anja okha. Henri Junod adalemba nthano zake pakati pa Aronga a kummwera kwa Mozambique mu 1897. R. S. Rattray adasindikiza nthano ndi nyimbo za Chinyanja mu 1907. Lourenço do Rosário, m'buku lake la 1989 lounika nthano za m'chigwa cha Zambezi, adapereka malo aakulu kwa kanyama komweka. Ngakhale ku America, akapolo ochokera ku Africa ankasimba za Brer Rabbit, kalulu wopusitsa zilombo zomuposa mphamvu.

N'zosadabwitsa kuti anthu oponderezedwa amamukonda chotere. Makolo a ku Zambezia adaona chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi. Ambiri, makamaka Alomwe, adawolokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene adakapezanso thangata m'minda ya azungu. Munthu amene sakadatha kuyankha mzungu kapena kapitao masana, usiku ankamva kukoma poona wamng'ono akukokanitsa zimphona. Choncho kumudzudzula Kalulu ngati mwana woipa, kapena kuchotsa nthano zake m'kalasi, kukhoza kukhala kutaya chuma. Ngakhale mwambi umamulemekeza: wamng'ono akafuna kupempha wamkulu kuti amuchitire kanthu, amayamba ndi mawu akuti Kalulu adatuma Njovu.

Koma anthu omwewo amene ankamukonda ankamuweruzanso, ndipo chiweruzocho adachiika m'nthano momwemo.

Chiweruzo cha pachitsime

Kudagwa chilala, nyama zonse n'kugwirizana zokumba chitsime. Kalulu yekha adakana. Madzi atatuluka, nyama zidaika mlonda kuti wokana kukumba asamwe. Kalulu adabwera ndi chipanda cha uchi, nauza mlonda kuti iye ali ndi madzi ake otsekemera amene amalawa ndi omangidwa okha. Mlonda adalola kumangidwa. Kalulu adamwa, adatunga, kenaka adalowa m'chitsimemo n'kusamba, madzi onse n'kuvunduka. Mawa lake adapusitsa mlonda wina, mkuja wina, mpaka zilombo zonse zamphamvu zidalephera.

Wowerenga mosamala aime pa kusambako. Ludzu limatha ndi kumwa. Kusamba m'madzi akumwa a mudzi wonse ndi mwano, njira youzira anzake kuti thukuta lawo ndi lachabe pamaso pa mutu wake. Ndipo amene adamugwira si Mkango kapena Njovu. Adamugwira ndi Kamba, amene nyama zina zidamuseka pamene adadzipereka kukhala mlonda. Ena amasimba kuti adadzipaka ulimbo pamsana, ena amati adabisala m'madzi n'kumuluma mwendo osataya. Mulimonsemo, Kalulu adagwa m'manja mwa nyama imene iye ankaiona ngati mwala.

Kamba naye ndi wamng'ono, ndipo ndi wonyozeka kuposa Kalulu. Kusiyana kwawo n'kwakuti Kamba adakumba nawo chitsime, ndipo luso lake adaligwiritsa ntchito poteteza madzi a onse. Nthanoyi ikuika ang'onoang'ono awiri pamodzi kuti omvera aone njira ziwiri zimene wonyozedwa angatsate. Kalulu pamapeto pake amathawa ndithu, poti mwa kusimba kwina mchira umaduka n'kutsala m'manja mwa omugwira. Moyo amapulumutsa, koma amathawira kutchire ali yekha, wopanda chitsime ndi wopanda mnzake.

Mpikisano umodzi, nthano ziwiri

Aphunzitsi a zilankhulo ziwiri ali ndi mwayi umene ena alibe, chifukwa nthano ya mpikisano wa Kalulu ndi Kamba imapezeka mbali zonse ziwiri. Imene imadziwika m'Chipwitikizi idachokera kwa Esopo wa ku Greece, ndipo La Fontaine adailembanso m'Chifalansa mu 1668. M'menemo Kalulu amaderera mnzake n'kuchedwa panjira, Kamba n'kupambana chifukwa choyenda osaima. Phunziro lake ndi khama la munthu mmodzi.

Nthano ya kumudzi imayenda mwina. Usiku Kamba amaitana abale ake n'kuwandandalika m'mbali mwa njira yonse. Kalulu akathamanga n'kuitana, Kamba wina amayankha kutsogolo. Akawonjeza liwiro, wina amayankhanso kutsogolo, mpaka Kalulu kugwa ndi befu. Apa Kalulu sadagone ndipo sadachite ulesi. Adagonja chifukwa Kamba ali ndi abale, pamene iye alibe woti n'kumuitana. Akulu adati nzeru za yekha adaviika nsima m'madzi.

Ana a kalasi 4 kapena 5 akamva nthano ziwirizi motsatizana, imodzi m'Chichewa ina m'Chipwitikizi, amakhala ndi chokambirana chenicheni. Amaonanso ndi maso awo kuti nthano ya agogo awo si chithunzi chofooka cha nthano ya m'buku. Ili ndi maganizo akeake pa za chimene chimapambanitsa munthu.

Mawu awiri pa bolodi

Chichewa chimasiyanitsa nzeru ndi kuchenjera. Wanzeru amaitanidwa pa mlandu ndi pa ukwati. Wochenjera anthu amamusirira, koma samusungitsa ndalama za mpingo. Pali mwambi wakuti chenjerechenjere sakupha nsomba, akupha nsomba n'kombe. Chipwitikizi nachonso chili ndi mawu awiri, inteligente ndi esperto, ndipo mwana wa ku Milange amadziwa kuti munthu akatchedwa esperto pamsika wa kumalire, sikuti nthawi zonse akuyamikiridwa. Phunziro likathera pa "nzeru zimaposa mphamvu," mawu awiriwa amasakanizidwa, ndipo mwana amatuluka akuganiza kuti kupusitsa mnzako ndiyo nzeru.

Mphunzitsi akalemba mawu anayiwa pa bolodi, awiri a Chichewa ndi awiri a Chipwitikizi, n'kufunsa ana kuti Kalulu amuika pati ndipo Kamba amuika pati, amakhala waphunzitsa mawu atsopano ndi kuganiza nthawi imodzi. Ana sagwirizana msanga, ndipo mtsutso umenewo ndiwo phunziro.

Kalulu wa m'kalasi

Nkhaniyi ikukhudza ana enieni. Kwa zaka zambiri, nthawi ya atsamunda ngakhalenso ufulu wa 1975 utabwera, sukulu ya ku Mozambique inkayendera Chipwitikizi chokha, ndipo zilankhulo za makolo zinkatchedwa dialecto. Ntchito yoyeserera ya PEBIMO idachitika kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo maphunziro a zilankhulo ziwiri adalowa m'sukulu za boma mu 2003. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amati boma limalemekeza zilankhulo za dziko ngati chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Koma manyazi amene adadzalidwa kwa mibadwo sazulidwa ndi lamulo lokha. Mwana wa kalasi ya zilankhulo ziwiri amamvabe anzake a kalasi ya Chipwitikizi chokha akumuuza kuti iye akuphunzira zakumudzi.

Feliciano Chimbutane, pa kafukufuku wake wa m'sukulu za ku Gaza amene adasindikizidwa mu 2011, adapeza kuti ana amayankhula momasuka ndi kutsutsana pa phunziro la m'chilankhulo chawo, koma likafika la m'Chipwitikizi ambiri amakhala chete kapena kungovomera pamodzi. Malinga ndi dongosolo limene lidayamba mu 2003, Chipwitikizi chinkatenga malo aakulu kuyambira kalasi 4. Apa ndi pamene mwana amadziona kuchepa kwambiri, ndipo apa ndi pamene Kalulu amabadwira m'kalasi.

Amabadwa m'njira ziwiri. Mwana wina wamutu wakuthwa amagwira Chipwitikizi msanga, ndipo poti naye adasekedwapo, amayamba kuseka anzake akaphonya mawu. Amabisa kope lake, amakweza dzanja mnzake asanamalize kuyankha, amasangalala wina akalakwa kuposa iye akakhoza. Ameneyu wakwera pamsana pa Fisi. Mwana wina samva zimene zikunenedwa, koma amaphunzira kugwedeza mutu, kutsatira milomo ya anzake ndi kukopera, mwakuti mphunzitsi amazindikira mochedwa kuti sadziwa kuwerenga. Ameneyu wabisala pa chitsamba, ena akukoka chingwe. Onse awiri ndi ana aluso, ndipo onse awiri akuthawa chinthu chimodzi: kuonedwa kuti ndi ochepa. Kalasi imene imawerenga malikisi mokweza kuyambira woyamba mpaka wotsiriza, kapena kuombera m'manja woyankha msanga yekha, imawonjezera nkhuni pa moto womwewo.

Nthano imapereka njira yokambira zimenezi popanda kuloza mwana chala. Mafunso ake ndi apafupi. Kodi Kalulu adamva bwanji Njovu atamuseka? N'chifukwa chiyani adasamba m'chitsime atamwa kale? Fisi atafika kwawo usiku umenewo adauza chiyani amayi ake? Kalulu akadadwaladi, akadamubereka ndani? Mwana amene wasekedwapo amayankha mafunso otere ndi mtima wonse, ndipo amene amaseka anzake amadzimva yekha popanda kutchulidwa dzina.

Gawo la Currículo Local, limene lidapatsidwa 20 peresenti ya nthawi yophunzira m'ndondomeko ya 2004, limalola sukulu kuitana agogo a m'mudzi kudzasimba okha. Akabwera, ndi bwino kuwasiya asimbe mpaka kumapeto, ndi nyimbo zake zomwe, chifukwa chiweruzo cha Kalulu chimakhala kumapetoko, kumene nthano zofupikitsidwa zimakonda kudula. Zikatero, ntchito yotsatira ikhoza kukhala ya m'magulu: ana anayi kapena asanu amasulire nthanoyo m'Chipwitikizi, wodziwa kusimba athandizane ndi wodziwa mawu, ndipo gulu lisapite kutsogolo mpaka aliyense atatha kunena gawo lake. Mwana waluso uja amapeza ntchito yoyenera mutu wake, ndipo ulemu umene ankaufuna poseka anzake amaupeza powathandiza. Umu ndi mmene Kamba adafikira kumapeto kwa njira.