Nkhosa m'mapesi

Ku Mchinji chingwe chimachoka m'khosi mwa chiweto cha mu June kapena July, amfumu akaona kuti mikukwe yatha m'minda ndipo mtedza wakumbidwa. Dzinja lonse mbuzi ndi nkhosa zimakhala zomangirira pachikhomo. Zikamasulidwa, ambiri amangotsekula khola m'mawa n'kupita kwina. Mbuzi imadzionera yokha njira. Nkhosa, zomwe kuno n'zochepa, zimafuna munthu, ndipo abusa okhwima a kwa Mkanda, ku Kapiri kapena ku Tembwe amagwira ntchitoyi mwaluso loti wongodutsa pamsewu sangalione.

Luso lawo lagona pa kudziwa chimene chiyenera kuyamba kulowa m'mimba. Munda wokolola kumene suli wopanda kanthu. Pamene panali mkukwe pamatsala maso a chimanga, pena chimanga chathunthu chobisala m'makoko. Nkhosa yanjala imathamangira pomwepo. Mimba yake inazolowera udzu, ndiye chimanga chikachuluka mwadzidzidzi chimasasa m'kati, chiweto chimatupa, chimatsekula m'mimba, mawa lake n'kupezeka chitafa. N'chifukwa chake mbusa wodziwa sathamangira kumunda. Amadikira mame aume, amayamba wazidyetsa udzu wouma wa m'malire, kenako n'kuzilowetsa m'mapesi kanthawi kochepa, tsiku lililonse n'kumaonjezera pang'ono. Iye amayenda patsogolo akupalasa makoko ndi phazi. Chimanga chabwino amaponya m'thumba. Chachuku amachichotseratu.

Zikalowa, penyani kadyedwe kake. Nkhosa imadya choweramira, mlomo wake wam'mwamba wogawanika pakati ukusankha khovani ndi chisoso zomera mumzere, kenako masamba ndi makoko, phesi lenilenilo n'kulisiyira ng'ombe. Msipu wabwinowo ukatha, mbusa amazindikira msanga: nkhosa zimayamba kuyenda kwambiri kuposa kudya. Akamakusa madzulo amagwira pamsana ndi patsinde pa mchira, poti nkhosa yachikuda imasunga mafuta kumchira, ndipo njala imayambira kuoneka komweko.

Mapesi amadzaza mimba koma sakuza mwana wa nkhosa. Apa boma la Mchinji lili ndi mwayi, chifukwa ndi kwawo kwa mtedza. Akathothola mtedza wa Chalimbana ndi CG7 amasiya masangwi, chakudya chomwe chimabweretsa mkaka. Mbusa wanzeru sawasiya padzuwa kuti masamba ayoyoke. Amawaumitsa pamthunzi, n'kuwakweza pathandala, kudikira September ndi October pamene kunja kwayera. Ine ndimaona kuti mlimi woyatsa masangwi akuotcha ndalama, ngakhale iye amati akusosa. Zoyamba kupatsidwa ndi nkhosa zoyamwitsa ndi ana, kuphatikiza kagaga pang'ono ndi mchere. Yamphongo imadikira.

Munda wa mbatata umabwera pambuyo. Akakumba, kholowa ndi timbatata tosweka ndi khasu timanenepetsa ana a nkhosa msanga, bola tikhale tabwino, chifukwa mbatata yowola ndi chuku imapha. Masamba a chinangwa chowawa akadali aawisi sawalola n'komwe. Alimi a ku Norfolk, ku England, anatchuka ndi nzeru yodyetsera ziweto m'munda m'zaka za m'ma 1700, podyetsa nkhosa mpiru wawo wa mizu nthawi yachisanu kuti ndowe zitsale m'munda momwemo. Kunonso munda umene nkhosa zaswerapo umalandira manyowa popanda ngolo.

Chovuta kwambiri ndi anthu. Wina anayala mapesi ake pa ulimi wa mtayakhasu ndipo safuna kuona chiboda m'menemo. Wina ali ndi dimba la tomato m'mbali mwa mtsinje wa Bua kapena Rusa, mpanda wake waudzu wosalimba. Mbusa amayenera kudziwa munda uliwonse ndi mwini wake, ndipo amayamba wafika pakhomo kukapempha kuti, "Bambo, kodi mwatha kukunkha? Ndilowetse?" Nkhosa imodzi ikalowa podya mlandu, zonse zimatsatira, ndipo chindapusa cha kwa amfumu chimatha kudya mwana wa nkhosa wachaka chonse. Kudambo amapitako mochenjera, poti pamatope pamene pali tinkhono m'pamene nkhosa zimatengera nyongolotsi za m'chiwindi, ndiye amatunga madzi n'kuzimwetsera pouma.

Chimene sangachiletse ndi moto wa anyamata osaka mbewa. Utsi ukayamba kufuka mu August, amafulumira kututa mapesi otsala pamutu, kukaunjika pafupi ndi khola.