Salzburg imene Robert Wise anaisoka

Mlendo wofika ku Salzburg, m'dziko la Austria, ndi mapu m'manja kuti akaone nyumba ya Kaputeni von Trapp, amazindikira tsiku loyamba lomwelo kuti nyumbayo kulibe. Ija ya mufilimu ya The Sound of Music, ya chipata chachitsulo kumaso ndi nyanja kuseri, inamwazikana malo atatu. Makoma ake achikasu ndi a Schloss Frohnburg, m'mbali mwa msewu wamitengo wotchedwa Hellbrunner Allee. Khonde loyang'ana kumadzi linamangidwa m'mphepete mwa kanyanja ka Leopoldskron, mtunda ndithu kuchokera pamenepo, pamalo oyandikana ndi nyumba yachifumu ya dzina lomwelo. Masitepe aakulu a m'kati, pomwe ana asanu ndi awiri aja amafola akamva wezulo ya bambo awo, anali mu situdiyo ya 20th Century Fox ku Los Angeles.

Mabasi a alendo amazungulira malo amenewa tsiku ndi tsiku, nyimbo zikulira, wolondolera akusimba nkhani pa maikolofoni. Woyenda yekha, wapansi kapena wa panjinga, amapeza chinthu chimene wa pabasi sachimva m'miyendo: kutalika kwa mtunda umene uli pakati pa chithunzi china ndi chinzake. Luso la filimuyi lagona pa mtunda umenewo.

Taonani mkangano uja wa Maria, wolera ana, ndi Kaputeni, ana atangogwera m'madzi kuchoka m'bwato. Kamera ikaloza kunyanja, tili ku Leopoldskron. Ikatembenuka kuloza kunyumba, tili ku Frohnburg. Julie Andrews ndi Christopher Plummer, amene akusewera Maria ndi Kaputeni, akuoneka ngati akuyankhana pabwalo limodzi, mkwiyo ukukwera mawu ndi mawu, chikhalirecho mbali ziwirizo zinajambulidwa malo osiyana. Woonera sazindikira chilichonse, chifukwa maso a osewerawo akuyang'ana kolondola, kuwala kukugwirizana, ndipo chithunzi chikusintha pa nthawi imene khutu likudikira yankho. Robert Wise, yemwe anatsogolera ntchito yojambula filimuyi, asanakhale wotsogolera anali wodula ndi kulumikiza zithunzi, ndipo ndiye anagwira ntchito imeneyo pa Citizen Kane ya Orson Welles mu 1941. Ankagwira ntchito ngati telala waluso amene amalumikiza nsalu zosiyana msoko osaoneka. Pa mphoto zisanu za Oscar zimene filimuyi inalandira itatuluka mu 1965, ziwiri zinapita kwa Wise, ina kwa William Reynolds amene analumikiza zithunzizo, ndipo onse awiri anaziyenera.

Ulendo wa woyenda yekha umayambira bwino ku munda wa maluwa wa Mirabell, pakati pa mzinda, komwe salipiritsa polowa. Nyumba yachifumu ya pamenepo inamangidwa mu 1606 ndi Wolf Dietrich von Raitenau, bishopu wamkulu amene analinso wolamulira wa dera. Apa ndi pomwe nyimbo ya "Do-Re-Mi" imathera, ndipo nyimbo imeneyi ndiyo yoyenera kuikhalira pansi, chifukwa ndi pomwe filimu inachita chimene sewero la pabwalo silikanatha.

Mu sewero la Richard Rodgers ndi Oscar Hammerstein, lomwe linayamba kuonetsedwa ku Broadway mu 1959, Maria amaphunzitsa ana nyimboyi m'nyumba, atangokumana nawo. Ernest Lehman, wolemba filimuyi, anaichotsa pamenepo n'kuitulutsa panja. Imayambira padambo la pamwamba pa tauni ya Werfen, makilomita pafupifupi 40 kummwera kwa Salzburg, linga la Hohenwerfen likuoneka kumbuyo. Kenaka, mzere wa nyimbo usanathe, ana ali pamwamba pa phiri la Mönchsberg, mzinda wonse uli kunsi kwawo. Kanthawi pang'ono ali panjinga, kenaka m'ngolo ya mahatchi, kenaka akuzungulira kasupe wa hatchi yamapiko ku Mirabell, akuthamanga m'kanjira kophimbidwa ndi masamba, akusisita mutu wa chosema cha munthu wamfupi. Zovala zawo zikusintha. Munthu wofuna kupondamo monse mmene anapondamo anawo amafunika sitima yapamtunda, kukwera chitunda ku Werfen, kubwerera, n'kuyendanso mumzinda. Tsiku lonse limathera pa zimene pakanema ndi mphindi zowerengeka.

Kusinthasintha kwa malo ndi zovalako kuli ndi ntchito. Lehman ankafuna kuti woonera amve kuti papita masabata, kuti ana amene analandira Maria pomuikira chule m'thumba tsopano amukonda, ndiponso kuti aphunziradi kuimba. Akanalemba zokambirana zambiri kuti afotokoze zonsezi. M'malo mwake nyimbo imodzi ikunyamula katundu yense: imayamba ndi mawu amodzi amodzi, ana akuzengereza, n'kumakula mpaka magulu akuimba zosiyana nthawi imodzi. Aliyense amene anakhalapo mu kwaya ya kutchalitchi ku Malawi kapena ku Zambia, kumene ambiri amaphunzirabe nyimbo ndi do, re, mi, adziwa kuti umu ndi momwedi kuphunzira kumayendera. Marc Breaux ndi Dee Dee Wood, amene anakonza magule, anasandutsa masitepe a kumpoto kwa munda wa Mirabell kukhala makwerero a mawu: mawu akakwera mwana akudumphira mmwamba, akatsika akubwerera. Mlendo akaima pamasitepewo amadabwa kuchepa kwake. Chimene chinawakulitsa ndi pomwe Ted McCord anaimika kamera, kuti kumbuyo kwa ana kuoneke munda wonse, nsanja za tchalitchi chachikulu, ndi linga la Hohensalzburg pamwamba pa zonse.

Kuchoka ku Mirabell, njira imawoloka mtsinje wa Salzach pa kamlatho ka oyenda pansi ka Mozartsteg n'kufika pabwalo la Residenzplatz, pomwe Maria amawaza madzi a pakasupe akuimba "I Have Confidence". Nyimbo iyi mu sewero munalibe. Rodgers anaipeka yekha, mawu ndi maimbidwe omwe, poti Hammerstein anali atamwalira mu 1960, ndipo ntchito yake ndi yonyamula Maria kumuchotsa kwa masisitere kukamutula pachipata cha Kaputeni. Chakumayambiriro kwake, Maria von Trapp weniweni amaoneka chapatali akudutsa.

Pabwalo lomweli ndi pomwe filimu imasinthira nkhope, mbendera za chipani cha Nazi zitapachikidwa, asilikali akuguba. Opanga filimuyi ankasimba kuti akuluakulu a mzinda poyamba sanafune kuti mbenderazo zionekenso m'misewu yawo, ndipo anafewa atauzidwa kuti kupanda kutero mufilimu mulowa zithunzi zenizeni za mu 1938, za makamu akulandira a Nazi mokondwa. Wise anajambula bwalolo lili pafupifupi mbee, ndipo izi zili ndi mtengo wake. Chithunzicho n'choopsa mokwanira, koma chikusiya woonera akuganiza kuti Austria inangolandidwa anthu ake onse asakufuna, zimene mbiri sivomereza.

Nyumba ya masisitere ya Nonnberg ili pachitunda chakufupi. Inakhazikitsidwa cha m'ma 714, ndipo masisitere akukhalamobe mpaka lero. Chipata chimene ana amabwera kudzafunsapo za Maria ndi chomwecho, koma za m'kati zonse anazimanga ku Los Angeles motsogozedwa ndi Boris Leven. Maria weniweni anakwatiwa ndi Georg von Trapp ku Nonnberg konkuno mu 1927. Filimu inasamutsira ukwatiwo ku tchalitchi cha Michael Woyera m'tauni ya Mondsee, makilomita pafupifupi 30 kummawa, ulendo wa basi. Ukalowamo chifukwa chake chimaoneka chokha: kanjira ka pakati n'kotalika, guwa lili pamwamba pa masitepe, ndipo kamera yoikidwa mmwamba imatha kutsatira nsalu yoyera ya mkwatibwi ikukwekwereka pansi mpaka kutsogolo. Filimuyi inajambulidwa pa makina a Todd-AO, a filimu ya mamilimita 70, opangidwira zinsalu zikuluzikulu za m'nyumba zoonetsera kanema, ndipo chithunzi chotambalala chotero chimafuna malo otakasuka.

Kanyumba ka magalasi, komwe Liesl, mwana wamkulu wa Kaputeni, amavina ndi chibwenzi chake Rolfe mvula ikugwa, kali ku paki ya Hellbrunn, komwe kanasamutsidwira alendo atachuluka ku Leopoldskron. Basi nambala 25 imafika kumeneko, ngakhale kuyenda wapansi mu Hellbrunner Allee ndiko kwabwino chifukwa njirayo imadutsa pa Frohnburg. Kanyumbako kamakhala kokhoma, ndipo n'kakang'ono moti gule uja sakanakwanamo. Anavinira mu kena kokulirapo ka mu situdiyo, momwe Charmian Carr, wosewera Liesl, anatereka n'kuvulala kakolo, namaliza kuvina atamangidwa bandeji. Momwemonso ndi momwe Andrews ndi Plummer ankalephera kugwira chiseko chifukwa cha phokoso la magetsi ojambulira, mpaka Wise analamula kuti awajambule mumdima, nkhope zisaoneke, kungotsala zithunzithunzi zawo. Njira yothawira vuto ija inabala chimodzi mwa zithunzi zokongola kwambiri mufilimu yonse.

Mvula nayo inawavuta. Ntchito ya ku Salzburg mu 1964 inakonzedwa kuti itenge masabata 6, koma inatenga 11. Dambo la chithunzi chotsegulira, pomwe kamera ya mu helikopita imatsika kuchoka m'mitambo n'kupeza Maria akuzungulira, lili ku Mehlweg, tsidya la malire, m'chigawo cha Bavaria ku Germany, ndipo ndi malo a eni ake, osalowamo chisawawa. Mphepo ya helikopitayo inkamugwetsa Andrews pansi mobwerezabwereza. Mitengo yoyera makungwa imene amadutsamo anachita kubwera nayo, kamtsinje anachita kukumba. Komabe mphindi zoyambirirazo, za mapiri ndi nyanja nyimbo isanayambe, ndi zimene zimachititsa kuti woonera asaone chachilendo mkazi akayamba kuimba yekha kuthengo. Wise anali atachitapo zofanana ndi zimenezi pa West Side Story mu 1961, pomwe kamera imayamba yauluka pamwamba pa New York.

Malo amene sasowa thandizo la situdiyo ndi Felsenreitschule, bwalo losemedwa m'thanthwe la Mönchsberg mu 1693, la mazenera a miyala 96 osanjikizana katatu. Polowamo pamafunika wolondolera kapena tikiti ya chionetsero. Wise anaimika asilikali m'mazeneramo, ndipo bwalo la zoimbaimba linasanduka khola. Apa Kaputeni amaimba "Edelweiss", mawu n'kumuthera pakhosi, khamu n'kumulandira. Alendo ambiri amafika akukhulupirira kuti iyi ndi nyimbo yakale ya anthu a ku Austria, pomwe inapekedwa ku America, ndipo ndi yomaliza imene Hammerstein analemba. Manda omwe banja limabisalamo pambuyo pake anawamanga mu situdiyo potengera a ku St Peter, omwe ali pafupi pomwepo.

Eni mzinda sanaitengere pamtima filimuyi monga anachitira anthu a kunja. Nkhaniyo anali ataionera kale mu filimu ya Chijeremani ya mu 1956, Die Trapp-Familie, ndipo ambiri ankadziwa kumene Hollywood inapotoza. Maria anapita kwa a von Trapp mu 1926 kukaphunzitsa mwana mmodzi amene ankadwala. Wotsogolera kuimba kwa banjalo anali wansembe, Franz Wasner, amene mufilimu mulibe. Nyumba yawo yeniyeni ili ku Aigen, ndipo pa nthawi ya nkhondo inagwiritsidwa ntchito ndi Heinrich Himmler, mmodzi mwa akuluakulu a Nazi. Leopoldskron nayo ili ndi mbiri yolemera kuposa ya mufilimu: mwini wake, Max Reinhardt, mmodzi mwa oyambitsa chikondwerero cha zoimba ndi zisudzo cha Salzburg, anali Myuda, ndipo a Nazi anamulanda nyumbayo mu 1938. Woyenda yekha ali ndi mpata woima m'mbali mwa kanyanjako n'kuganiza za nkhani zonse ziwiri.

Chithunzi chotsiriza, banja likukwera phiri kulowera ku Switzerland, chinajambulidwa ku Rossfeld, pafupi ndi Berchtesgaden. Mapu amaonetsa kuti Switzerland ili kutali kumadzulo, ndipo wowoloka mapiri a pamenepa amakatulukira ku Germany, m'dera limene Hitler anali ndi nyumba yake. A von Trapp enieni mu 1938 anakwera sitima yapamtunda kupita ku Italy, poti Georg anabadwira ku Zara, mzinda umene pambuyo pake unakhala wa Italy, ndipo anali ndi ufulu wokhala nzika ya dzikolo. Kuchoka kumeneko anapitirira ku America, komwe pambuyo pake anakhazikika ku Stowe, m'chigawo cha Vermont. Pa kusintha konse kumene Wise ndi Lehman anachita, uku ndi kumene kumalekana kwambiri ndi mbiri, ngakhale chifukwa chake chikumveka: filimu imene yathera pafupifupi maola atatu ikuuza woonera kuti mapiri ndiwo kwawo kwa Maria sikanathera pa siteshoni ya sitima, banja litanyamula masutikesi. Msewu wa Rossfeld lero ndi wolipira, ndipo kumafika basi yochokera ku Berchtesgaden.