P0507: mzere umodzi pa kagalasi ka makaniko

Mlongo wanga wa ku Chelstone ananditumizira chithunzi pa WhatsApp m'mwezi wa Okutobala, fumbi litafika pachimake. Chinali cha kagalasi ka makina oyezera galimoto, ndipo panalembedwa mzere umodzi wokha: P0507, Idle Air Control System RPM Higher Than Expected. M'munsi mwake iye anafunsa kuti, "Achimwene, akuti ndigule valavu yatsopano. Ndigule?"

Galimoto yake ndi imodzi mwa magalimoto aja ogwirapo ntchito ku Japan amene amalowa m'Zambia kudzera pa Nakonde. Injini ya petulo ikatentha bwino, galimoto ili chiimire, singano ya RPM imakhazikika pakati pa 600 ndi 800. Yake inkakakamira pa 1,200. Pa mdipiti wa m'mawa wa mu Great East Road, kuchokera pa Munali mpaka pa Manda Hill, ankachita kukanikiza mabuleki ngati akugwira ng'ombe yofuna kuthawa ndi ngolo. Ndinamuuza kuti ndalamayo aisunge kaye, tiyambe tawerenga mzerewo.

Nambalayo si ya kampani imodzi. Ili pa mndandanda wa bungwe la mainjiniya a magalimoto la SAE, umene unafala kuyambira mu 1996 pamene dziko la America linalamula kuti magalimoto atsopano ogulitsidwa kumeneko azikhala ndi dongosolo la OBD-II. Ku Ulaya lamulo lofanana nalo linakhudza magalimoto a petulo mu 2001. N'chifukwa chake pansi pa chiwongolero pamakhala kasoketi ka mabowo 16 kamene makaniko amalumikizapo makina ake. P akuimira injini ndi magiya. Ziro akutanthauza kuti tanthauzo lake ndi limodzi kwa opanga magalimoto onse. Faifi ndi gulu la zokhudza liwiro la galimoto komanso kayendedwe ka injini galimoto itaima, ndipo 07 ndiye dandaulo lenilenilo. Mnansi wake P0506 amadandaula zosiyana, kuti injini yatsika kwambiri.

Pa mawu asanu ndi atatu otsatirawo, loyamba kundiimitsa ndi Air, mpweya. Ambirife tikamva injini ikulira mokweza timaganiza za mafuta, ndipo n'zomveka, poti mu 2022 a Energy Regulation Board anayamba kulengeza mitengo ya petulo mwezi ndi mwezi ndipo aliyense amakhala tcheru. Koma mzerewu sukutchula mafuta ngakhale pang'ono. Mu injini yopopera mafuta ndi ma injekita, wotsogola ndi mpweya; mafuta amangotsatira. Kachipangizo kamayeza mpweya wolowa, kompyuta n'kuthira petulo wolingana nawo, pafupifupi gilamu imodzi pa magilamu 14.7 a mpweya. Phazi likachoka pa chopatsira moto, chitseko cha throttle chimatsekeka, ndipo mpweya wochepa wosunga injini kuti isazime umadutsa m'kanjira kam'mbali kolamulidwa ndi valavu yamagetsi. M'magalimoto atsopano valavuyo mulibe n'komwe: kamota kamatsegula chitsekocho pang'ono chabe. Choncho injini ikakwera yokha, funso loyamba ndi lakuti mpweya wowonjezerawo ukulowera pati.

Liwu lachiwiri ndi System, ndipo apa m'pamene ndalama za anthu zimathera. Mzerewu sunanene kuti valavu yafa. Watchula dongosolo lonse: valavu, chitseko, mapayipi a labala, gasiketi, mawaya, kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi. Koma maso a munthu wofulumira amagwera pa mawu atatu oyambirira, omwe ndi dzinanso la valavu ija, basi ulendo wa ku masitolo a zipangizo a mu Panganani Road wayambika. Valavu yatsopano imamangidwa, nyale ya Check Engine imazimitsidwa ndi makina, ndipo pakapita masiku ochepa yayakanso.

Komabe liwu limene lasenza chiganizo chonse ndi lomaliza, Expected, choyembekezeredwa. Akuyembekezera ndani? Si dalaivala, si makaniko. Ndi kompyuta ya injini, imene ili kale ndi nambala yake m'mutu ndipo imaisintha malinga ndi nyengo. M'mawa wa mu Juni injini ikadzuka yozizira, kompyuta imafuna 1,200 kapena kuposa, ndipo palibe cholakwika. Mukayatsa choziziritsira mpweya kapena nyale zonse, imawonjezera pang'ono kuti injini isatsamwe. Mzerewu ndiye kuti sukunena kuti injini yathamanga kwambiri basi. Ukunena kuti yathamanga kuposa mmene ine kompyuta ndalamulira, pa magalimoto ambiri ndi 200 kapena kuposa, ndipo ndayesa kutseka mpweya mpaka pomaliza koma sikutsika. Ndi dandaulo la woyang'anira amene watseka chipata chake koma akuona mbuzi zikulowabe m'munda.

Mukamvetsa liwu limeneli mumamvetsanso chifukwa chake sikuludiraiva ilibe ntchito pano. Pa kabureta panali kabawuti kokwezera ndi kutsitsira idling, ndipo makaniko waluso ankakatembenuza akumvetsera ndi khutu. Luso limenelo linali lenileni, ndipo ndimalilemekeza. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepukirapo, choncho kabureta yochunidwa ku gombe inkafunadi dzanja la munthu ikafika kuno. Injini zina zoyambirira za ma injekita, za m'ma 1990, zinalinso ndi kabawuti ka mpweya kochunidwa motsatira ndondomeko yake. Koma pa zambiri zimene zadzaza mu Cairo Road lero, kabawuti kamene mungakaone pa throttle ndi kongoimitsira chitseko, kanachunidwa ku fakitale, ndipo nthawi zambiri kamapakidwa kadontho ka penti kuti kasakhudzidwe. Mukakatembenuza, kompyuta imalimbana nanu kuti ibwerere pa nambala yake, kapena imasokonezeka osadziwanso ngati phazi lachokapo.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale amakaniko osamala. Fumbi la Lusaka likasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo limamata mwaye m'mphepete mwa chitseko. Pang'onopang'ono kompyuta imazolowera kutsegula kwambiri kuti ilipirire mwayewo. Tsiku limene wina watsuka chitsekocho n'kuwala, kompyuta imatsegulabe monga inazolowera, ndipo injini imakwera. Ma Nissan ambiri a throttle yamagetsi amadziwika ndi zimenezi, ndipo mankhwala ake ndi kuiphunzitsanso kompyutayo, ndi makina kapena ndi ndondomeko ya kiyi ndi chopondapo. Palibe chogula. Ndinamufunsa mlongo wanga ngati wina anatsukapo posachedwa. Anati ayi.

Loweruka tinaitengera kwa mkulu wina wa ku Kabwata amene amakonzera magalimoto pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba yake. Anaphunzira ntchito pa makabureta ndipo Chingerezi cha pa kagalasi sachilabadira kwenikweni. Nditamufotokozera za liwu lomaliza lija anangogwedeza mutu, n'kunena kuti, "Ndiye kuti ikuba mpweya. Amayi, lizani injini, musaipatse moto." Anatsegula boneti, anawerama, n'kumayendetsa khutu pang'onopang'ono m'mbali mwa injini. Kenako anapisa dzanja kuseri, kumene kapayipi ka labala kamalowa m'chitoliro cha mpweya, n'kukatsina ndi zala ziwiri. Phokoso linatsika nthawi yomweyo. Atasiya, linakweranso.

Kapayipiko kanali kataumiratu ndi kutentha n'kung'ambika chakunsi, pamalo osaoneka. Mpweya wolowera pamenepo sunkadutsa pa choyezera. Kachipangizo ka mu ekizozi kankangoona kuti mafuta achepa, kompyuta n'kumawonjezera, injini n'kumakwera. Mkuluyo anadula kachidutswa ka payipi yatsopano, anakamanga, anafufuta nambala ija pa makina, ndipo tinadikira mpaka fani italira kawiri. Singano inatsika n'kukhala pang'ono pamwamba pa 700. Mlongo wanga analowetsa giya ya D, galimoto sinadumphe, ndipo anatulukira mu Burma Road kubwerera ku Chelstone.